Nthochi Kaye, Moni Pambuyo

Ku Uyole kuno ngakhale mwana woyamwa ankadziwa kuti Mzee Anyitike Mwambelo salankhulidwa ndi chinthu chimene sichinawapatse moni. Kwathu kuno wamng'ono ndiye amayamba kunena kuti shikamoo, wamkulu n'kuyankha kuti marahaba, nkhani zina zonse n'kumabwera pambuyo. Mwambowu tonse timaudziwa, kungoti ife timaulekezera pa anthu. Mzee Mwambelo, telala wopuma uja wa kuseri kwa msika wa mbatata, anaufikitsa mpaka pa foni, pa kompyuta ndi pa chilichonse chodya batire.

"Ine ndinabadwa izi kulibe," ankatero akuloza ndi chibwano mafoni a m'sitolo. "Zonsezi ndi zidzukulu zanga. Nanga mdzukulu wanji wongofikira kulamula?"

Wayilesi yokha ndiyo ankaikhululukira, ati anakulira limodzi.

Amene anasenza mtanda wa khalidweli ndi akazi awo, Mama Gwakisa, mayi wofatsa wogulitsa mapeyala, amene nzeru zawo ankazisunga ngati ndalama ya pa mfundo ya chitenje. Kwa zaka zambiri ankangoseka nafe. Anadzasiya kuseka pamene moni womwewu unadanitsa amuna awo ndi mwana wawo woyamba, nkhalambayo itayamba kale kudwala. Koma tiyeni tiyambire poyambira.

Tsiku lina awiriwa anakwera bajaji, njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu, ya mnyamata wina Lusajo kupita ku ukwati, kudera limene Lusajoyo sankalidziwa bwino. Mama Gwakisa anali atafungatira mphika wa nthochi zophika ndi nyama. Atangodutsa msika, foni ya Lusajo inalankhula ndi mawu a mzimayi.

"Khotani kumanja."

Mzee anatembenuka uku ndi uku. "Walankhulayo ndani?"

"Ndi mayi wa m'foni, Mzee. Amalondolera njira."

"Mwana wa yani?"

"Alibe makolo, Mzee."

"Zikuoneka. Khota kumanzere."

"Koma Mzee, kumanzereko…"

"Wakweza iyeyo kapena wakweza ine?"

Lusajo anakhota kumanzere. Mayi uja anati abwerere, Mzee anati apitirire. Mayi anati kumanja, Mzee anati kumanzere. Msewu unasanduka kanjira, kanjira kanasanduka mzere, ndipo bajaji inakaima pakati pa munda wa mbatata wa munthu wosadziwika, mwini munda atagwira khasu kukamwa kuli yasa. Ku ukwati anakafika mpunga utatha, anthu akutsuka mbale. Mama Gwakisa anali atatupa ndi mkwiyo, koma Mzee anatsika akuwongola jekete mwamtendere.

"Tachedwa inde," anatero, "koma mtsikana ujayu lero waphunzirapo kanthu."

Kenako mwana wawo wamkazi Tumpale, namwino wa m'tauni, anawabweretsera kompyuta yake yakale yopinda ija kuti aziona masitayilo a masuti ndi kuonera makwaya. Atangoitsegula, inafuna mawu achinsinsi.

"Nyumba yanga, tebulo langa, magetsi anga," anatero Mzee, "ndiye mlendo andifunse ine mawu achinsinsi?"

Komabe mtima anali nawo wabwino. Atamva kuti makompyuta amagwidwa ndi tizilombo, anakumbukira chisanu cha ku Uyole, n'kuisokera kajekete kaubweya, ka matumba ndi kolala yomwe. Kompyutayo inatentha mpaka kukomoka. Iwo anati mwaona, malungo aja ndi amenewa.

Zinafika pachimake tsiku limene tsamba lina la pa intaneti linawauza kuti atsimikize kuti iwo ndi munthu, osati makina, posankha zithunzi za mabasi. Mzee anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwerenganso. Kenako anatuluka, n'kubwera atagwira dzanja Mzee Hamisi, wogulitsa khofi wa pamphambano, mnzawo wa kalekale.

"Hamisi, khala apa ukhale mboni. Mama Gwakisa, bwerani muchiuze chinthuchi kuti ndine munthu."

Mama Gwakisa anasuzumira ali kukhitchini. "Baba Gwakisa, musandiike m'mayesero. Masiku ena nanenso ndimakayika."

Zonsezi zinali zoseketsa. Chosaseketsa chinadza ndi foni yatsopano imene Gwakisa, mwana wawo woyamba uja, anatumiza ali ku Muscat kumene ankayendetsa malole. Anati aziimbirana kudzera pa intaneti. Lamulungu loyamba, atangoweruka kutchalitchi, foni inalira. Mzee anakhala bwinobwino pampando, anadina batani, n'kuiika kukhutu.

"…muli bwanji kumeneko?"

Mzee anawongoka pampando. "Ndikulankhula ndi ndani?"

"Ndine Gwakisa, Baba."

"Gwakisa wanga amayamba ndi moni."

"Ndapereka kale, Baba."

"Khutu langa ndi ili, silinalandire kanthu."

"Ndanena ndithu, Baba!"

"Ndiye kuti ndine wabodza?"

"Nanga wabodzayo ndikhale ine?"

Mzee anadula foni, n'kuiika m'kabati pansi pa nsalu za masuti. Anati mwana wapita kunja n'kukagulitsa ulemu. Gwakisa naye anati bambo ake amutchula wabodza, ndipo saimbanso mpaka ayankhe moni umene iye anapereka. Mwana anatengera bambo ake chilichonse, kuyambira mphuno mpaka liuma.

Mbatata zinabzalidwa, zinakumbidwa, awiriwa osalankhulana. Gwakisa ankaimbira mayi ake okha. Foni ya mayi ikalira, Mzee ankayang'ana kumbali ngati sizikuwakhudza, koma dzanja linkapita lokha kukatsitsa wayilesi. Mama Gwakisa zinkawapweteka kwambiri, moti nthawi zina ankalira ali okha posankha mapeyala. Ndiye miyendo ya Mzee inayamba kutupa, kakamtunda ka kutchalitchi n'kumakakwera mopumira. Tumpale anawakokera mayi ake kuseri kwa nyumba n'kuwauza mosabisa kuti mtima wa bambo watopa. Kuyambira tsiku limenelo Mama Gwakisa anali ndi mantha amodzi okha, oti amuna awo angapite asanamuyankhe mwana wawo.

Tsono mayiwa anali ataona kanthu. Gwakisa akawaimbira, iwonso mawu oyamba sankawamva. Ankangotola mchira wake. Anapita kwa Mzee Hamisi m'mawa wina, pa benchi pa khofi patadzaza madoda, amuna awo ali pomwepo.

"Mzee Hamisi, ndithandizeni. Kaimeni tsidya la msewu, muwaimbire anzanuwa pa intaneti. Akangoyankha, munene shikamoo mokweza."

Hamisi anatsala pang'ono kugwetsa ketulo. Iye ndi Mzee Mwambelo anakhala akukangana moyo wawo wonse kuti wamkulu ndani.

"Ine? Shikamoo kwa Anyitike? Ine ndinayamba kumeta ndevu uyu akudya dothi!"

"N'zongoyesera chabe, Mzee."

"Nonse mwamva, n'zongoyesera!"

Anawoloka akung'ung'udza, n'kuimba. Mama Gwakisa anawapatsira amuna awo foni ija, imene anali ataitulutsa m'kabati, ndipo Mzee Mwambelo anadina batani. Msewu wonse unamva Hamisi akukuwa kuti shikamoo, mpaka nkhuku zinabalalika. Koma m'foni munangotuluka kuti, "…wamva, mfiti iwe?"

Mzee Mwambelo anaimirira pang'onopang'ono, n'kukweza dzanja kuloza tsidya.

"Marahaba, Hamisi. Patenga zaka, koma wavomera."

Anthu anagwa nacho chiseko, Hamisi akulumbira kuti khofi wa munthu ameneyu wathera pomwepa. Phokoso litatha, Mzee anaiyang'anitsitsa foni ija n'kugwedeza mutu.

"Ndiye kuti netiwekiyi imanyamuka ndi njala. Mawu oyamba imadya."

"Mwaona, Baba Gwakisa? Mwana sananame."

"Sananame. Koma munthu wodziwa kuti panjira pali mbava amatumiza ziwiri. Abwereze."

Foni ija inabwerera m'kabati, ndipo Mama Gwakisa anamuuza mwana wawo zonse. Gwakisa anati wasangalala kuti choonadi chadziwika, ndiye tsopano Baba ayankhe moni uja, wadikira nthawi yaitali. Mayi anangogwira m'chiuno. Anaona kuti akadikira kuti mmodzi agonje, adzagonjera pa manda.

Ndiye anamasula mfundo ya chitenje chawo ija. Anamutumizira Gwakisa uthenga wa mawu. "Mwana wanga, foni yangayi yayamba kugontha. Tajambula liwu limodzi lokha unditumizire ndiyesere. Moni basi, usawonjezerepo kanthu." Ankadziwa kuti mawu ojambula amafika athunthu, netiweki siilumako.

Uthenga utafika, anawapeza amuna awo pakhonde akuothera dzuwa, miyendo ili pa kampando.

"Baba Gwakisa, pali katundu wanu wochokera ku Muscat."

Anadina. Mawu a Gwakisa anamveka bwinobwino. "Shikamoo."

Mzee sanagwedezeke.

"Tabwerezani. Khutu ili ndi la kumphepo."

Mama Gwakisa anabwereza, kenako anatsetsereza chala n'kupanikiza pa batani lojambulira. Mzee anakonza kukhosi, anawongola kolala, n'kunena ndi mawu a mkulu wa mpingo.

"Marahaba."

Kenako anawonjezera timawu tina chapansipansi, osadziwa kuti chala cha akazi awo chikadali pa batani. Mayi anatumiza zonse.

Tiyi asanazizire, foni ija ya m'kabati inayamba kulira pansi pa nsalu. Mzee anaifukula okha, kupuma kuli befu, n'kudina.

"Nthochi! Nthochi! Nthochi!"

"Baba? Mwati chiyani?"

"Ndikudyetsa netiweki, iwe. Ponya nawe nthochi zako ikhute, kenako upereke moni wako bwinobwino."

Kutali ku Muscat kunamveka munthu wamkulu ndi ndevu zake akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Nthochi, nthochi. Shikamoo, Baba."

"Marahaba, mwana wanga. Wafika wonse."

Analankhula mpaka batire inatha. Mawa lake Mzee anakalengeza pa khofi kuti mnyamata uja wagonja. Gwakisa naye anaimbira Tumpale kumuuza kuti Baba afewa, ayamba okha kuyankha. Mama Gwakisa anamva mbali zonse ziwiri, ndipo sanatsutse aliyense.

Za nthochizi zinafalikira Uyole yense. Poyamba anthu ankachita mongoseka, kenako zinangolowa m'magazi. Oyendetsa bajaji, amayi a mumsika, ngakhale abusa poimbira akuluakulu awo, onse nthochi kaye, moni pambuyo. Wamalonda wina wa ku Dar es Salaam mpaka anafunsa kuti kodi anthu inu bwanji aliyense akundinyengerera nthochi, ine ndikufuna mbatata.

Mzee anakhala nafe dzinja lina lathunthu, ndipo Lamulungu lililonse ankaponya nthochi zawo. Anatisiya m'mawa wina mvula ikuwaza, ali pampando wawo, wayilesi mnzawo ija ikuimba chapansi. Gwakisa anabwera, ndipo ananyamula nawo bokosi. Kumanda, anthu atayamba kubalalika, Mzee Hamisi anatsalira. Anavula chipewa, n'kunena mawu amene analumbira kuti sadzawanenanso.

"Shikamoo, Anyitike. Watsogola ndiwe, basi wamkulu ndiwe."

Masiku ano ku Uyole zinthu zimayenda mwachangu, koma sizikoma. Mayi wa m'foni uja amalamula mmene akufunira, popanda womufunsa kuti ndi mwana wa yani. Lusajo amati safikanso m'minda ya eni, ndipo amanena zimenezi modandaula. Kompyuta ili pa kabati, itavalabe kajekete kake. Pa benchi pa khofi pali malo amene palibe amakhalapo, ndipo Hamisi alibe womukanganitsa, moti wayamba kukalamba.

Foni ya Mama Gwakisa imadandaula kawirikawiri kuti yadzaza. Anafufutamo makwaya, zithunzi za maukwati ndi za mapeyala zomwe, koma pali uthenga umodzi umene Tumpale anauzidwa kuti akadzaukhudza adzaona zakuda. Lamulungu lililonse, akaweruka kutchalitchi, Gwakisa amatumiza mawu kuchokera ku Muscat.

"Nthochi, nthochi. Shikamoo, Baba."

Mayi amakhala pakhonde pomwe paja, n'kufufuza uthenga wakale uja. Asanautumize, amayamba aumvera okha. Mumamveka kukonza kukhosi, kenako mawu a mkulu wa mpingo.

"Marahaba."

Kenako timawu tija ta chapansipansi.

"Mama Gwakisa, mawu akewa aonda. Kodi mwanayu akudya bwino kumeneko?"