Zabwino Zisanu ndi Chimodzi za ku Chelstone

Lolemba

Atate afika ndi basi ya ku Chipata. Sutikesi imodzi, chipewa m'manja. Aonda! Patha miyezi itatu chimwalirire amayi, ndipo abale a amayi awasudzula. Mkamwini mkazi akafa, pamudzi palibenso chake. Zaka makumi anayi m'mudzi wa eni, lero akuti abwerere kwawo ku Chadiza kumene ngakhale galu sawadziwa. Ine ndakana. Akhala ndi ine kuno ku Chelstone, chipinda chilipo. Andipatsa sabata imodzi: "Ndione kaye, mwanawe."

Ndine taipisiti, ndiye ndataipa bwinobwino pa pepala la ku ofesi:

ZABWINO ZA KU CHELSTONE
1. Madzi a pampopi, m'nyumba momwemo
2. Magetsi
3. Sitolo ya boma, zonse zilimo
4. Basi mpaka m'tauni
5. Kiliniki pafupi (chifuwa chawo chija)
6. Mpanda. Aliyense ndi zake, miseche palibe

Ndalisiya dala patebulo. Sakuoneka kuti aliona.

Lachiwiri

Nambala wani! Ndiwatengera kukhitchini, nditsegula mpopi monyadira. Mpopi ukhosomola kawiri ngati atate omwe, kenaka zii. Akuti paipi yaphulika kumsewu waukulu. Ndikatunga ndi ndowa kutchalitchi, atate akundiyang'ana pawindo.

Madzulo ndiyatsa getsi. Layaka, mwamwayi. Atate aliyang'ana pang'ono: "Awa ndinawaona ku Salisbury usanabadwe, ndili khukhi kwa mzungu." Ndinaiwala zimenezo.

Ziwiri zapita tsiku limodzi.

Lachitatu

Mphekesera: kusitolo kwabwera mafuta ophikira! Kuofesi ndanama kuti ndadwala mutu. Mzere wakhota mpaka pamtengo wa mango. Tiima kuyambira m'mawa, dzuwa lili phwee. Pakhomo pali a chipani awiri: "Ba mudala, khadi ya chipani ili kuti?" Atate apisa m'thumba, atulutsa khadi la ubatizo. Abwezedwa.

Ine khadi ndili nalo, ndilowa. Mafuta atha. M'mashelefu mwatsala machesi ndi polishi wa nsapato. Ndagula polishi kuti ndisatuluke chimanjamanja. Atate apukuta nsapato zawo masana onse. Bola akanandiseka.

Lachinayi

Mutu wanga wabodza ukupitirira. Cholinga: kumasitolo a ku Kamwala, ndikawagulire atate jekete. Mabasi awiri adutsa odzaza, anthu akulendewera pakhomo. Yachitatu siibwera. Jekete tayisiya, tiyenda wapansi kukiliniki. Atate apuma katatu panjira. Nesi ndi waulemu ndithu, koma mankhwala a chifuwa kulibe. "Mubwele next week, tate." Sabata yamawa ine ndilibe!

Pofika kunyumba timva kulira kuseri kwa mpanda wanga. Atate aima. "Kwagwa maliro. Ndani ameneyo?" Sindikudziwa. Zaka zinayi nyumba zoyandikana, dzina lawo sindilidziwa. Ndimangodziwa kuti ali ndi wailesi yokweza. Atate andiyang'ana nthawi yaitali, manyazi andigwira. Avala chipewa, atuluka.

Nambala sikisi ndinkainyadira kuposa zonse.

Lachisanu

Atate ali pamaliro. Madzulo ndipitako ndi kaufa, ndikhala kwa azimayi ngati mlendo. Womwalira ndi a Zulu, dalaivala, kwawo ku Petauke. Atate adziwa kale zonse: ana asanu, mpingo wawo, matenda amene awatenga. Akuwaza nkhuni, chifuwa chili apo. Amuna akuwasungira mpando.

Mayi wina andifunsa: "Imwe ndimwe ba ndani?" Ndiloza atate. "Oo, mwana wa ba Phili! Ni bamudala babwino maningi." Iwo tsiku limodzi adziwika, ine zaka zinayi.

Koma ndawaona akuseka ndi anzawo pamoto, koyamba chifikire. Mtima wanga wadumpha. Mwina akhala! Ndiwonjezere nambala seveni: anansi. Pepala lija sindikuliona patebulo.

Loweruka

Kumanda. Atate alawirira, atenga khasu langa la kumasamba, akuti akathandize adzukulu kukumba. Auzidwa kuti adikire lole pamodzi ndi aliyense. Sakumvetsa, komabe khasu sanalisiye.

Tifika. Palibe chokumba. Kuno a khonsolo amakumbiratu. Maenje mzere wonse, ndawerenga asanu ndi atatu, ali yasa, kudikira eni ake amene pano akumwa tiyi m'nyumba zawo. A Zulu alowa m'dzenje loyamba. Pamwamba azika kachitsulo kolembedwa nambala.

Atate aima ndi khasu paphewa. "Kwathu manda sagona. Munthu amayamba wafa, kenaka anzake amukumbira." Aloza dzenje lachiwiri, aloza lachitatu. "Nanga awa ndi a yani?" Akhosomola, ndipo ine ndikuona pamene maso awo ali. Ndikuopa.

Pobwerera m'lole akhala pakona, khasu pamiyendo.

Lamulungu

Alongedza. Ndapempha, ndalira, ndatchula chifuwa. Ayi ndithu. "Ku Chadiza sandidziwa, koma akudziwa pamene anagona amayi anga. Adzandikumbira pambali pawo, atamva kaye kuti ndafa."

Pasiteshoni m'tauni atulutsa fodya wawo wopichira. Pepala lake ndi langa lija. Ndikuona "Magetsi" akupsa pang'onopang'ono. "Ndinaliwerenga Lolemba lomwe, mwanawe. Zabwino zisanu ndi chimodzi. Ndinafunafuna dzina lako, silinalimo."

Zoti ndili ndekha, zoti ndikuwafuna, zinandivuta kutaipa. Basi yanyamuka pa nthawi yake, lero lokha.

Ndifika kunyumba. Mpopi ndinausiya wotsegula chiyambire Lachiwiri. Madzi abwera. Khitchini yonse yadzaza, afika mpaka m'chipinda cha atate. Ndikukolopa ndekha.