Mpanda wanga utayamba kuphuka

Pa zinthu zonse zimene ndinamangapo ndi manja anga, chimodzi chokha ndicho chinaima bwino, ndipo ndi chomwecho chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero.

Atanditumiza kukaphunzitsa ku Likoma, ndinapeza nyumba ku Yofu ndipo ndinagula nkhuku zisanu kuti pakhomo pazimveka moyo. Vuto linali loti nkhukuzo sizinkadziwa malire. Oyandikana nane, amake Barnaba, mayi wamasiye wolera zidzukulu zitatu, ankayanika chinangwa chawo chonyika pathanthwe, ndipo nkhuku zanga zinkachiyesa phwando. Nayenso kabawi anali atandilanda kale anapiye awiri.

"Aphunzitsi, tazimangirani mpanda nkhuku zanuzi," anatero tsiku lina, mofatsa ndithu.

Ukonde wakutha anandipatsa msodzi wina wa ku Khuyu. Mitengo ndiyo inavuta, poti pachilumba mtengo sungodula mwachisawawa. Loweruka lina, amake Barnaba ataoloka nyanja kupita kumaliro ku Cobue, ndinaona mitolo ya timitengo towongoka itaimikidwa pamthunzi wa mango kumalire kwathu. Ndinati laponda lamphawi, nkhuni zopanda mwini izi! (Mundikhululukire, ine ndinakulira m'tauni ku Lilongwe, kumene chinangwa timachidziwa chili chophikaphika m'beseni.) Ndinazika timitengo tonse mozungulira khola la nkhuku kuseri kwa nyumba, n'kukuta ndi ukonde. Pomafika madzulo ndinali nditaima manja m'chiuno, kusirira ntchito yanga.

Mvula yoyamba inagwa mayi aja atangobwera kumene. M'mawa mwake ndinamva akufunsa anthu odutsa m'kanjira ngati anaonako mbewu yawo ya chinangwa imene anaisunga pansi pa mango. Mitolo ija inali munda wawo wonse wa chaka chimenecho, chakudya cha ana atatu.

Munthu wanzeru akanatuluka pomwepo n'kupepesa. Ine ndinatuluka n'kunena kuti, "Anthu masiku ano alibe chisoni, amayi."

Anandiyang'ana pang'ono, n'kuyankha kuti, "Eya, alibedi."

Ndinadziuza kuti ndiulula mawa. Mawa litafika ndinati mkuja. Patangotha sabata, mpanda unayamba kundiulula wokha: timasamba tanthete tinatulukira pamfundo iliyonse. Ndiye mudziwa chimene ndinachita? Ndinkadzuka m'mamawa n'kumathothola mphukirazo imodziimodzi, kuponyera nkhuku. Bambo wamkulu, wophunzitsa ana a eni kunena zoona, ali chinyonyomalire kulimbana ndi masamba! (Timitengo tina ndinali nditatizika chadodolido, ndipo itoto tokha ndito tinandisungira chinsinsi.)

Kenaka anatiitana kumaphunziro ku Nkhata Bay, ndipo chifukwa cha kayendedwe ka sitima ndinakhalako sabata yathunthu. Pobwera ndinapeza mpanda uli biriwiri, amake Barnaba atakhala pamwala pafupi nawo, akuuyang'ana.

Ndinagwada pomwepo, chikwama chili kumsana. "Amayi, ndine ndinatenga. Sindinadziwe kuti ndi mbewu."

"Ndinaona tsiku lomwe ndinabwera," anatero. "Chinangwa changa ndingachisokoneze ine? Ndinati munthu ndi mlendo, walakwitsa, abwera yekha. Mchemwali wanga ku Mbungo anandigawirako pang'ono, ndabzala theka."

Iwo anapitiriza, osakweza mawu n'komwe.

"Zotengazo sindinadandaule kwambiri. Koma m'mawa uliwonse ndinkakuonani mukuthothola mphukira. Bwenzi mutangozisiya, chaka chamawa tikanadulapo mbewu. Zija ndiye zinandipweteka, aphunzitsi."

Kunena zoona, bwenzi atangonditukwana. Mawu ofatsawo anandilasa kuposa chipongwe chilichonse. Masiku otsatira ndinayenda khomo ndi khomo kupempha mitengo ya chinangwa, n'kumasenza pamutu ana asukulu akundiseka, koma anthu anali atabzala kale ndipo ndinangopeza timitolo tiwiri tofota. Tinabzala limodzi, ine ndikufunsa chilichonse, ngakhale kumene kuli kumutu kwa mtengo. Tambiri sitinamere.

Nkhuku zinakhala bwinobwino m'kati mwa mpandawo, osatulukanso, mpaka kunenepa. Koma kumunsi kwa munda wa amake Barnaba kunamera udzu chaka chonsecho, ndipo njira yanga yopita kusukulu inkadutsa pomwepo. Kangapo konse ndinaona zidzukulu zawo zikugona ndi phala lokha, agogo awo osanditchulira kanthu.

Ndikanakonda kunena kuti ndinaphunzira kufunsa ndisanatole chinthu, ndipo n'zoona, ndinaphunziradi. Koma kusadziwa kunanditengera Loweruka limodzi lokha. Masiku ena onsewo ndinkadziwa bwinobwino chimene ndikuchita.