Mpira Wathu Unkalowera Kuphiri

Mukadzandiona ndikudutsa pa Linthipe tsiku lamsika nditakokera chipewa kumaso, chonde musadzandipatse moni mokweza. Kuli amayi ena ogulitsa matimati kumeneko amene mpaka lero akangondiona amavindikira mabeseni awo n'kuyamba kugwa nako kuseka. Sindinawalakwire iwowo ayi. Chinandivula ulemu ndi mpira, mpira womwewu wamiyendo.

Ine ndine mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi nkhalango ya Chongoni. Ndilinso ndi matenda olota masana (mkazi wanga amati ndikamalima khasu limagwira lokha ntchito, mwini wake ali kutali). Mpira wooneka sindinasewerepo, koma ndauonera kwambiri pa kanema ku Dedza boma, ndipo pobwerera pa njinga ndimakhala ndikusintha osewera m'mutu, kukalipira oyimbira ndi kunyamula chikho. Ndiye tsiku lina nditaona ana a m'mudzi akulimbirana chikulunga pakati pa nyumba, fumbi lili koboo, uku akutukwanizana ndi kutcherana ndale, mtima unandiuza kuti nthawi yanga yakwana. Ndinadzipatsa ndekha udindo wa kochi, popanda wonditsutsa.

Malo athyathyathya kwathu kuno ndi osowa, ndipo ochepa alipowo muli chimanga. Amene anapezeka ndi tsala la apongozi anga aakazi, m'mbali mwa phiri. Ndinapempha kudzera mwa mkazi wanga, ndipo anavomera kuti ana azisewerapo pamene nthaka ikupuma. Ndinadula mitengo ya bulugamu, ndinazika magolo, ndinagula mpira wachikopa ndi wenzulo. Vuto linali limodzi: bwalolo linali lopendekeka. Osati kuchokera golo ili kupita golo ilo, koma cham'mbali. Mbali imodzi inali kuphiri, inayo kumunsi kumene kuli dimba la apongozi omwewo. Mpira ukaukhazika pansi n'kuusiya, unkayamba wokha ulendo wokaona kabichi.

Munthu wanzeru akanafunafuna malo ena. Ine ndinatulukira luso.

"Ana inu," ndinawauza, "mukafuna kupatsira mnzanu, musamenyere pamene waimapo. Menyerani kumtunda kwake, cha kuphiri. Phiri likubwezerani."

Poyamba ankaphonya, mpira n'kumathera kumunsi. Koma patapita miyezi, abale inu, zinayamba kukoma. Mpira unkakwera chitunda, kuima pang'ono ngati ukuganizira zina, kenako n'kutsetsereka mokhota mpaka pa phazi la mnzake. M'nyengo yozizira tinkayamba m'mamawa nkhungu isanachoke. Inkatsika kuchokera m'nkhalango n'kugona pabwalo, miyendo ya ana n'kubisika, kumangooneka mitu ndi mapewa zikuyandama uku ndi uku. Mpira unkatulukira m'nkhungumo uli chinyowere ndi mame, n'kulowanso, mphepo ikununkhira paini. Ine ndinkaima kumtunda manja ali m'thumba la jekete, ndikumva chikhamu cha anthu chikundiombera m'manja (zinali nthambi za mitengo, ndikudziwa). Ndinkawakonda ana aja, ndipo bwalo lija ndinkalikonda kuposa mmene munthu wamkulu ayenera kukondera tsala la eni ake.

Panalinso lamulo lina limene sindinkalola kuti munthu aliphwanye. Mpira ukalowa m'dimba, masewera ankaima. Onse, a timu iyi ndi a timu iyo, ankathamangira komweko kukadzutsa zimene zagwa, kukwirira zimene zazuka, ndi kupepesa kwa eni dimba. Ndinkawauza kuti limeneli ndiye khalidwe la masewera, kuti wosewera weniweni sasiya mnzake ali pansi, ngakhale mnzakeyo atakhala kabichi. (Zoona zake n'zakuti ndinkaopa apongozi.)

Matimu a midzi yoyandikana ankabwera kudzatiyesa. Iwo ankapatsirana molunjika monga amachitira anthu padziko lonse, mpira n'kumawathawa kulowera kudimba, ife n'kumawachinya mosavuta. Ndinayamba kuyenda pang'onopang'ono m'mudzi, moni ndikuyankha ndi mutu wokha.

Ndiye madzulo ena mkazi wanga akutsuka mbale anangoti, "Bambo a Tadala, amayi akuti tsala lija lapuma mokwanira. Akufuna kubzalapo kachewere."

Tiyi amene ndinali kumwa anandiwawa m'kamwa. M'mawa mwake ndinapita ndekha, n'kukakhala pansi chapatali pafupi ndi nkhokwe. Iwo anali pakhonde akusankha nyemba, nkhope atalozetsa kwina, pakuti kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana m'maso.

"Amayi," ndinayamba, "ana aja ali ndi tsogolo. Ena mwa iwo mudzawamva pa wailesi."

"Kachewere ndimamuona m'thumba, akamwini. Tsogolo lanulo sindinalionepo."

"Mudzalione, amayi. Tsiku lamsika likubwerali tikukasewera ndi ana a ku Linthipe, pafupi ndi msika pomwepo."

Anapitiriza kusankha nyemba zawo kwa kanthawi. Kenako anati, "Chabwino. Ndikatha malonda ndidzabwera. Chikakhala chinthu chooneka, bwalo lanu likhala. Kukakhala kungothamangitsana, mudzazule nokha mitengo yanu ija."

Ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu. M'mutu mwanga nkhani inali itatha kale.

Tsikulo tinapanikizana m'kagalimoto ka matola pamodzi ndi matumba a kabichi. Ku Linthipe tinalandiridwa ndi a Jafali, mwini golosale amene amaphunzitsa ana a kumeneko, munthu wofatsa, moti anayamba wagawira ana anga nthochi. Bwalo lawo linali lathyathyathya ngati tebulo. Nditauika mpira pakati, unangokhala phee, osasuntha. Yamikani, kaputeni wathu, anauyang'anitsitsa kwa nthawi, kenako anandikoka jekete.

"A kochi, kumtunda ndi kuti kuno?"

Apa ndi pamene ndinayenera kudzidzimuka. Koma ine ndinali nditapita kale, ndikuona anthu a pamsika atandinyamula m'mapewa, apongozi akululutira kumbuyo. Ndinangomusisita mutu n'kunena kuti, "Sewerani monga mumasewerera kwathu."

Mwanayo anamwazamwaza maso, mpaka anaona phiri la Chongoni lili chiimire patali, mitambo itakhala pamutu pake. Nkhope yake inawala. Analoza n'kukuwira anzake kuti, "Phiri ndi ilo!" Onse anamasuka, ine ndinamasukanso nawo.

Wenzulo italira, Yamikani anamenyera mpira cha kuphiri kwa mnzake, bwinobwino monga ndinam'phunzitsira. Mnzakeyo anaima phazi atatchera, kudikira kuti utsike. Sunatsike. Unapitiriza ulendo wake mpaka kunja kwa bwalo. Anayesanso wina, chimodzimodzi. Paliponse pabwalo panali mwana wanga ataima mwaulemu, maso kuphiri, kudikira mpira wosabwera. Ana a ku Linthipe sanachedwe kuzindikira. Anangosamukira mbali imeneyo n'kumatola mipira yathu, ulendo wa kugolo.

"Kodi anawa akupatsira ndani?" anafunsa bambo wina wa kabaza amene anaima kumbuyo kwanga. "Kapena ali ndi mnzawo wosaoneka?"

"Mpirawo wapukwa," anayankha mnzake. "Ukufuna kubwerera kwawo."

Ndinanamizira kumanga nsapato. Podzuka ndinaona kuti apongozi afika. Anali atakhala ndi anzawo a pamsika kunja kwa mzere, mbali ya kuphiri yomweyo, beseni la matimati otsala lili pambali pawo.

Nthawi yopuma itakwana ana anandizungulira, milomo itauma. Yamikani misozi inali lengelenge.

"A kochi, phiri la kuno silikubweza."

Mawu amenewo anandilasa mtima, chifukwa mwanayo sanalakwe kanthu. Anachita zimene ndinamuuza, ndipo anazichita bwino. Ndinawauza kuti, "Tamverani. Kuno kulibe chitunda. Muzingomenya molunjika basi, pamene mnzanu waimapo. N'zosavuta. Taonani."

Ndinamuimika Yamikani patsogolo panga chapatali. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinakweza thalauza, ndinaonjezapo kakuthamanga kaja ka pa kanema (ndinkadziwa kuti apongozi akuona), n'kuumenya ndi mphamvu zanga zonse. Chimene ndinaiwala n'chakuti phazi langa nalonso linaphunzirira pa tsala lomwe lija.

Mpira unanyamuka cha kuphiri. Kunena zoona, sindinamenyepo mpira wokongola chotero. Ndinauona ukukwera pang'onopang'ono, ukuzungulira padzuwa, ukudutsa pamwamba pa Yamikani, pamwamba pa oyimbira, kumbuyo kwake kuli phiri lathu ndi mitambo yake. Phokoso la pamsika linazilala m'makutu mwanga. Ndinaima pomwepo, phazi lili m'mwamba, kudikira kuti utsike.

Unatsikadi. Phwaa! M'beseni la apongozi.

Matimati anabalalika mbali zonse. Ena anagubuduka mpaka pabwalo, ena anaphulikira pa chitenje chawo, ndipo limodzi linakatsamira pa mpango wa kumutu. Msika wonse unaphulika ndi phwete. Kupita pafupi sindikanatha, poti ndi apongozi. Kuthawa sindikanathanso, poti madzulo ndikagona m'mudzi mwawo. Ndinangogwada pomwepo pakati pa bwalo, chipewa chili pansi, nkhope nditalozetsa kwina, n'kumaomba m'manja mopepesa munthu amene anali kutali moti sakanandimva.

Ndili chigwadire ndinamva mawu a Yamikani: "Walowa m'dimba!"

Palibe amene anawatuma. Ana anga onse anathamangira kumeneko. Ankatola matimati limodzilimodzi, kupukuta fumbi ndi malaya awo, abwino kubwezera m'beseni, osweka kuunjika pambali. Wina anachotsa lija la pa mpango ndi manja awiri. Atatha anagwada mondondozana n'kunena kuti, "Pepani agogo." Ana a ku Linthipe anayang'anana, kenako nawonso anathamanga kukafunafuna amene anagubudukira mu udzu. Kuseka kuja kunayamba kuchepa.

A Jafali anabwera n'kundigwira paphewa. "Achimwene, dzukani. Za kamenyedwe kanu sindikufunsani. Koma ichi chotolachi, mumawaphunzitsa bwanji? Anga mnzawo akagwa amamulumpha."

Ndinadzuka n'kutola chipewa changa. Sindikanawauza kuti zonsezo zinayamba ndi mantha a kabichi.

Chigawo chachiwiri ana anayesetsa kuwongola miyendo, ndipo kangapo mpira unafikadi pa mnzawo, iwo eni n'kudabwa. Koma zigoli ndinasiya kuwerenga. Pobwerera m'galimoto munalibe woimba nyimbo.

M'mawa mwake ndinakakhalanso pafupi ndi nkhokwe paja. Chitenje cha dzulo chinali chitayanikidwa pachingwe, pamalo poti ndichione bwino.

"Akamwini."

"Zikomo, amayi."

"Ana aja mukuwalera bwino. Anzanga a pamsika amandifunsa kuti ndi a m'mudzi uti. Koma miyendo mwawapotoza."

"Ndi chitunda chija, amayi."

"N'chifukwa chake ndikubzalapo kachewere. Iyeyo chitunda sichimupotoza. Mukazule mitengo yanu."

Nditayamba kudzuka anatinso, "Kuseri kwa dimba kuli malo aja amene mbuzi zimadyapo. Ndi athyathyathya, koma pakati pali chulu. Mukachigumula, ana azisewera pamenepo."

Magolo ndinazula ndekha. Mizere ya kachewere ndinaunganso ndine, poti ntchito ya mkamwini ndi imeneyo, ndipo ana anabwera ndi timakasu tawo kudzandithandiza osalankhula zambiri. Khasu langa linadutsa pamene Yamikani ankaima poyamba masewera, linadutsa pamene ine ndinkaima kumvera nthambi zija. Nkhungu inatsika monga mwa masiku onse, koma inapeza mizere yokhayokha. Zinandiwawa kwambiri, ndipo ndinalira pang'ono. Ana atandiyang'ana ndinawauza kuti ndi mphepo yozizira.

Tsopano tili pabwalo latsopano. Ndinabwereka piki, ndipo chulu chija ndachigumula mbali imodzi. Podikira kuti ndimalize, ana amasewera mochizungulira, ndipo miyendo yawo ikuwongoka ndithu. Koma dzana lomweli, ndikupuma thukuta lili kamukamu, ndinaona mpira utagunda chulucho chakumanzere, n'kubwerera mokhota bwinobwino mpaka pa phazi la Yamikani. Ndinaika piki pansi. Ndinayamba kuona mmene timu yobwera ingasokonezekere, mmene tingamapatsirane kudzera pachulu, ndipo kutali m'nkhalango anthu aja anayambanso kuomba m'manja.

Yamikani anaimitsa mpira n'kundiyang'ana. Anabwera, anatola piki ija ndi manja awiri, n'kundipatsa.

"A kochi, ayi."

Ndinailandira, ndipo ndikugumula ndithu. Kungoti mbali ya kumanzereyo ndaisiya kaye, ndidzamalizira kumeneko.