Maliro a Seva ya Pakoleji

Usiku watha, anzanga inu, ndinalota maliro a seva yathu ya pakoleji, kompyuta yaikulu ija yosunga mayina ndi magiredi a ophunzira onse. Inagonekedwa pamphasa pakati pa holo, itafunditsidwa chitenje, azimayi a kukhitchini akuyimba nyimbo zachisoni. Panja panali ophunzira atavala kale mikanjo, poti mwambo wolandira masatifiketi unali mawa lake, ndipo popanda magiredi palibe akanalandira kanthu. Woyang'anira seva ndi ine, ndiye maso onse anali pa ine.

Ndiye anatulukira a Mtambalika, mkulu wa ofesi ya mayeso. "A Kamtedza, paja mumati bakapu ilipo, kopi ya zonsezi. Ili kuti?" Akulankhula choncho khosi lawo linafiira n'kulendewera, mwadzidzidzi anasanduka nkhukundembo yovala tayi.

"Ilipo, bwana," ndinatero. Nditavundukula chitenje chija ndinapeza diski ya bakapu itagona pambali pa malemu.

"Iwe ukutani muno?" ndinaifunsa.

"Si munandiyika pashelefu imodzi ndi sevayi?" inayankha diski. "Denga litadontha tinanyowa tonse. Nanenso ndafa, ndikungokuyankhani mwaulemu."

Mwadzidzidzi holo ija inali depoti ya basi, ndiye ndinakumbukira bakapu yachiwiri, ija imadzikopera yokha tsiku lililonse n'kunditumizira uthenga woti zonse zili bwino. Ndinaipeza itasanduka sutukesi, itakhala pabenchi ikudya mzimbe.

"Zaka ziwiri mukundikhulupirira," inatero ikulavula zikhwatha, "koma munanditsegulapo n'kamodzi komwe?"

Nditatsegula, munali sokosi imodzi ndi mayina atatu a anthu omwe anamaliza sukulu kalekale. Nkhukundembo inayamba kundijompha m'mawondo. Mtsikana wina wa mkanjo anandikoka malaya. "Bambo, amayi anga afika kale kuchokera ku Nsanje, asoketsa ndi diresi. Ndikawauze chiyani?" Apo mantha anandithera, kunatsala manyazi okhaokha.

Ndiye kunamveka belu la njinga, mwadzidzidzi kabaza anatera kuchokera padenga la depoti atanyamula mayi Namasasu, amene timagwira nawo ntchito. Mayiwa ine ndimawaseka. Lachisanu lililonse amatenga kopi yachitatu kukaisiya kunthambi yathu ya ku Balaka, ndipo mwezi ndi mwezi amaibwezeretsa pakompyuta yakale kuti aone ngati ikutsegukadi. Ine ndimati n'kusowa chochita.

"Tapatukani, a Kamtedza," anatero akupisa dzanja m'chikwama. Anatulutsa mpango, makiyi, chimanga chootcha, kenako diski. Atailumikiza, mayina anayamba kutuluka pamzere ngati nyerere, lililonse litasenza magiredi ake pamutu, n'kumakakwera paphewa pa mwini wake. Mtsikana uja anaona lake likubwera n'kuliza nthungululu. Seva inadzuka pamphasa, inayetsemula, n'kupempha tiyi. A Mtambalika anabwerera umunthu, akuthothola nthenga kukolala. "Ine ndimadziwa kuti zitheka," anatero. Mtima wanga unakhala pansi moti ndinayamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Ndikufuna kugwada kuti ndithokoze mayi Namasasu, ndinamva wina akutsokomola kwambiri kumbuyo kwanga. Kutsegula maso, unali mpopi wa kubafa, madzi atabwera. Kunja kunali kutayera. Ndinapapasa foni n'kuimba ndisanatsike pabedi.

"Mayi Namasasu, kuyesa kubwezeretsa kwa mwezi uno ndichita ndine. Ndipo diski ija ya pashelefu ndikuichotsamo m'chipinda cha seva."

Anandiyankha akuyasamula.

"A Kamtedza, lero ndi Lamlungu. Mwalota chiyani?"