Mutu Wanga wa Chimwenye

Lolemba

Mutu wayambanso, mbali ya kumanzere, ngati wina akukhoma msomali kuseri kwa diso. Ndikukolopa mu wodi pachipatala cha ku Nedlands, kuno kudziko la azungu, nditatsinzina diso limodzi. Pa bureki mnzanga Linh, wa ku Vietnam, akuti wawerenga kuti akatswiri akufufuza za mutu waching'alang'ala woyenda m'magazi mwa anthu a ku Asia. Kwawo amadwala iye, mayi ake ndi agogo ake.

Ndiye ine bwanji! Kwathu ku Limbe ndani sadziwa kuti agogo awo aamuna a amayi anali Mmwenye? Lachisanu ndikuonana ndi dokotala. Ulendo uno za kumwa madzi ambiri ayi. Ndikamuuza za magazi, anditumize kwa katswiri wa mitu. Ndatopa nawo.

Lachiwiri

Umboni ulipo:
mphuno yangayi, yosongokako ndithu;
tsabola sindimumva;
amalume ali ndi golosale.

Tadala, mwana wanga, wayang'ana mphunoyo n'kuseka. Akuti, m'Chingerezi chake cha m'mphunocho, ndi yofanana ndi za amayi onse a mvano. Ana obadwira kuno! Bambo ake ali kumgodi, akuti netiweki ikuvuta. Imavuta ndikayamba nkhani.

Lachitatu

Ndafunsa pa gulu la banja pafoni: Mmwenye uja dzina lake ndani, ndipo ndani amadwala mutu? Ndaputa mavu. Aliyense akudwala mutu. Ena awonjezerapo nyamakazi, dzino, shuga, ati poti ndili kuchipatala nditumize mankhwala. Ndimakolopatu ine! Msuweni wina akufunsa kuti mayina a odwala ndikupita nawo kwa sing'anga uti.

Dzina la Mmwenye palibe watchula.

Lachinayi

Amalume atumiza mawu, aatali ngati ulaliki wa pamaliro. Akuti agogowo anali telala wa pakhonde pa sitolo ya Mmwenye. Ankasoka mayunifomu, masana n'kumapatsidwa chapati. Chimwenye chathu chonse n'chimenecho.

Amayi aang'ono akuti bodza, aliyense aone tsitsi lawo. Amalume akuti tsitsilo n'la mankhwala a kusaluni. Banja lagawika pawiri, ena atuluka pagulu. Ine mutu ukugunda mbali zonse tsopano.

Lachisanu

Dokotala wake ndi Mmwenye weniweni. Manyazi! Koma poti ndinakonzeka, ndafotokozabe, mpaka za chapati. Wamvetsera osaseka, Mulungu amudalitse. Akuti mutu wotere sufuna pasipoti, uli mu mtundu uliwonse, ndipo agogo a pakhondewo tiwasiye apume. Akufunsa: "Nanga mayi anu?"

Ndikuti amayi chibadwire sanagonepo masana. Wandisinthira mapilitsi, za katswiri akuti tidzaona ndikadzabweranso. Ndi madzi. Madzi omwe aja!

Loweruka

Makatani otseka, kwaya yathu ya kutchalitchi ku Balga yaimba popanda ine. Amayi andiimbira foni. Ndimayesa andikalipira za gulu lija, koma akufunsa mbali imene ukuwawa. Ndikuti kumanzere.

"Ndi wanga umenewo, mwanawe. Duku lija ndinkamanga mpaka m'maso unkayesa fasho? Ndikanagona, mukanadya chiyani?"

Zithunzi zonse za ubwana wanga, amayi ali ndi duku lothina, nkhope yokwinya, ife n'kumati ndi aukali. Ndalira, ndipo kulira kumawonjezera mutu.

Lamulungu

Basi. Sindine Mmwenye, katswiri sindinamuone, amayi aang'ono sakundiyankha moni. Kutchalitchi ndamanga duku mothina, amayi a mvano akuti ndatchena. Limathandizako pang'ono, ndisaname.

Pobwerera Tadala ali m'galimoto, dzanja lili pa diso. Akuti dzuwa likumubaya kumanzere. Ndamutsekera makatani, ndamupatsa madzi, inde madzi. Mawa sapita kusukulu, tikupita kwa dokotala yemwe uja. Akakamufunsa za mayi ake, iyeyu yankho ali nalo.