Mtsuko Wanga wa Nkhono za ku Beira

Anzanga, ngati mukufuna kudziwa mmene munthu amadzivulira ulemu ndi manja ake omwe, funsani ine.

Kuntchito atatituma ku Beira ndinaona nyanja yamchere koyamba, ndipo m'kasitolo kena munali mitsuko yolembedwa mafunde, yonyezimira ngati mchenga wonyowa. Mtima unadumpha! Paja apongozi anga a ku Malosa ndi mmisiri wa mbiya, ndipo zaka zonsezi akhala akundiona ngati wa manja a muofesi, ongodziwa kutayipa. Ndinati basi, chaka chino andidziwa. Ndinatola zigoba za nkhono kudzaza jumbo.

Nditabwerera kwathu ku Matawale ndinapempha apongoziwo mtapo, dothi lawo loumbira lija. Anabwera nawo okha, ndipo ataona jumbo ija anafunsa, "Nanga izi n'zachiyani, amake Tadala?"

"Ndisinja n'kusakaniza ndi dothi, amayi, kuti mtsuko uziwala ngati kunyanja."

"Ife timasinja mapale akale. Nkhono ndi moto sizimvana."

Mukuganiza kuti ndinamva? Anapita ku Beira ndi iwo kapena ine? Ndinasinja, ndinakanda, ndinaumba, mafunde ndinalemba ndi chitsononkho, ndinakulungiza ndi mwala mpaka mkono kuuma, n'kuumitsa pamthunzi milungu iwiri. Loweruka ndinakwera kuphiri kukatenga makungwa a paini kwa ocheka matabwa, n'kusonkha chimoto kuseri kwa nyumba, utsi wake aneba mpaka kuanula zovala. Mtsuko unatuluka wathunthu, wofiira, timadontho toyera tili ponseponse, ukaugogoda ukulira kuti ngwee! Ndinavina ndekha. Ndinaujambula pafoni, ofesi yonse inauona.

Lamlungu la sabata yotsatira kunali kwa ine kulandira amayi a kumpingo, ndiye apongozi ndinawaitana dala. Sabata yonseyo kunali kamvula ka chiperoni, nkhungu kutsika m'phiri mpaka pakhomo, ndipo ndinaona timatuza pamtsuko, koma ndinati ndi mmene za ku Beira zimakhalira. Ndinathiramo thobwa, kuunyamula ndekha kulowa nawo pabalaza, khosi lili njo, n'kuukhazika patebulo pamaso pa amayi abusa.

"Ii, kukongola! Mwagula kuti?" anafunsa iwo.

"Ndaumba ndekha," ndinatero mokweza, diso lili pa apongozi.

Kumwetulira sindinamalize n'komwe. Tinangomva the! the! ngati chimanga chokazinga, kenaka mtsuko uja unangodzikhalira pansi ngati watopa. Thobwa lonse khuthu, pachitenje ndi m'nsapato za amayi abusa! Mayi wina anakuwa, "Mayo ine!" wina n'kuthawitsa Baibulo lake atalikweza m'mwamba. Ine ndinatsala chiimire ndi chikho m'manja, manyazi osaneneka.

Apongozi sanaseke ayi. Anatola kachidutswa, n'kufikisa timadontho toyera tija ndi zala, tonse tinangosanduka ufa. "Nkhono ikapsa imasanduka njereza," anauza amayi abusa modekha, "ndiye ikamwa madzi imatupa." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Koma musadandaule, amake Tadala, dzanja loumba muli nalo. Njereza yakenso yapsa bwino. Mupake khoma la kukhitchini lija, lada."

Mtsuko wachiwiri ndikuumbira ku Malosa, nditakhala pansi, pakamwa nditatseka. Mukadzandionanso ndikuyandikira moto ndi nkhono m'manja, mundimange!