Waya wa Ndege wa a Damiano

Inu, sendezani mpando ndikuuzeni za a Damiano a kuno ku Lobi, bambo amene anabwerako ku usilikali ndi zinthu ziwiri basi: jombo ndi waya. Koma waya wake! Wonenepa ngati chala chachikulu, wobiriwira, wamphanda, kumapeto kuli mitu yachitsulo ya timano tambirimbiri m'kati. Iwo ankati anazula okha m'ndege ya nkhondo. Anzawo a ku usilikali ankanong'ona kuti mkuluyu ankasenda mbatata kukhitchini ndipo wayayo anatola kudzala, koma wowafunsa pamaso panalibe.

Ndiye chinafika chaka cha 1994, zipani zili ngati bowa. M'mawa wina kuli chifunga, a Kenan, wapampando wa chipani china kwathu kuno, anafika thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira.

"A Damiano, tafa! Bwana Vinsenti, amene akufuna uphungu aja, afika masana ano, koma makoswe adya waya wa maikolofoni. Anthu amva bwanji?"

"Zing'onozing'ono zimenezo," anatero a Damiano akutukumula chifuwa. "Ine ndinkalankhulitsa ndege zili m'mitambo. Chimkuzamawu n'chiyani?"

Analowa m'nyumba, kusuzumira kunsi kwa bedi, waya palibe! Kutuluka kuseri, anapeza akazi awo a Jesinta akupeta nyemba, mbuzi yawo itamangidwa pamtengo wa pichesi, waya wa ndege ali m'khosi mwake.

"Mayi, mwatani?"

"Zingwe zonse yatafuna. Ameneyu yekha ndiye wailaka. Ndangozunguliza m'khosi, mitu iwiriyo n'kulumikiza, yangoti khethe."

Anatero a Jesinta, n'kusenza dengu ulendo wa kumsika.

Tamverani tsono. Mitu ija itagwirana, inagwirana zenizeni. A Damiano anakoka, anapotoza, analuma ndi mano, anathira mafuta ophikira, koma ayi ndithu.

"Bwanji tingodula?" anafunsa a Kenan.

"Kudula? Waya wa boma? Mukufuna mundimangitse? Komanso mitu imeneyi satsekula pamaso pa anthu wamba, ndi chinsinsi cha asilikali. Tiyeni nayoni mbuziyo."

Anafika pabwalo la mpira a Damiano patsogolo, waya pakati, mbuzi pambuyo ikukana kuyenda. Bwana Vinsenti anali atafika kale, suti yoyera, tayi yofiira. Atangoona mbuzi, nkhope inawala.

"Taonani chikondi cha anthu a ku Lobi! Sindinalankhule n'komwe, mphatso yafika kale!"

Amayi nthungululu, ng'oma zinalira. A Damiano anafuna kukana, poti mbuziyo inali ya a Jesinta, yochokera kwa malume awo, ndipo inali ndi bere. Koma munthu ukuomberedwa m'manja ndi bwalo lonse, ungati bwanji si mphatso? Anangokweza dzanja kuchitira sawasha.

Kenaka anayamba ntchito. Mbali yaitali ya waya anasenda n'kulowetsa mu ampulifaya. Mbali inayo inali m'khosi mwa mbuzi, choncho anasenda pomwepo, kulumikiza maikolofoni, n'kumangirira ndi linya pansi pa ndevu zake. Atagunda ndi chala, chimkuzamawu chinati phu! phu! A Damiano eniake anadzidzimuka, sankayembekezera kuti chilira.

"Tsono ndilankhula bwanji?" anafunsa bwana Vinsenti.

"Muwerame pang'ono, bwana. Ku ndege timatero."

Anainyamula mbuzi kuiika patebulo. Bwana anawerama, tsaya kugundana ndi la mbuzi, n'kuyamba kulonjeza milatho, feteleza ndi nsapato. Mbuzi inali phee, ikumvetsera kuposa tonsefe. Bwana atatenthedwa anakuwa:

"Anthu a ku Lobi, mukufuna ndani akuimireni?"

Anthu asanatsekule pakamwa, phiri lonse linamva: "Meeee!"

Mphunzitsi wina kumbuyo anafuula kuti, "Yayankha m'Chingerezi! Ikuti muisankhe iyoyo!"

Abale, anthu anagwa pansi ndi phwete. Bwana anayesa kubwereza funso, mbuzi inabwerezanso yankho, kenaka inaona tayi yofiira ikulendewera pamphuno pake n'kuyamba kudya. Bwana kukoka, mbuzi kukoka, ndipo chimkuzamawu chinkaulutsa zonse, kutafuna kwa mbuzi ndi mawu ena a bwana amene sindingawatchule pano pali amayi. A Kenan anaimenya ndi chipewa, mbuzi inalumpha, ampulifaya pambuyo pake gubudu gubudu mpaka m'munda wa kachewere.

Anyamata a bwana ataigwira anaiponya m'galimoto, ati mphatso ndi mphatso. Apo n'kuti a Jesinta atamva kulira kwa mbuzi yawo ali kumsika, poti chimkuzamawu chinafikitsa uthenga bwino lomwe. Anabwera osathamanga, osakuwa. Anakwera m'galimotomo, kukhala pansi, mbuzi pamiyendo.

"Mayi, tsikani," anatero bwana.

"Kumene ikupita mbuziyi ndi komwe ndikupita ine. Ndimadya katatu, tiyi wa mkaka, ndipo amayi anga abwera mawa."

Bwana anayang'ana mayiyo, anayang'ana chotsala cha tayi yake, n'kulamula kuti atsitse zonse. A Jesinta anabwereka chikwanje, waya wa boma uja kamodzi kokha, tseketu! Palibe anamangidwa. A Damiano anabwerera kunyumba ali pambuyo pa mbuzi, ndipo sabata imeneyo anadya kwa mlongo wawo.

Titakumana nawo pamowa tinawafunsa kuti, "Nanga akatswiri, zinalakwika pati?"

Anamwa kaye, kupukuta pakamwa, n'kutiyang'ana ngati ana.

"Inu simudziwa kanthu. Waya uja anapangira m'mwamba. Olakwa ndi a chipani, anachititsa msonkhano pansi."